Tsiku Limene Mayi Anatsuka Nyumba ya Nsomba

Ndikukumbukira kuzizira kwa chaka chimene tinafika ku Gaborone, ine ndi mayi anga. Kwathu ku Dedza kumazizira, inde, koma kuzizira kwa kuno n'kwa mtundu wina, kouma, kong'amba milomo ndi zidendene. Ndinali kamtsikana kosatha msinkhu. Tinayenda ulendo wautali, basi, pantoni, kenako sitima, mayi atakumbatira kathumba ka matemba pamiyendo ngati khanda. Tinkatsatira bambo, amene anali atakhala kuno zaka zambiri akuphika m'nyumba ya aphunzitsi ena a ku yunivesite, ku The Village kuja, kumene mitengo yake ndi ikuluikulu ndipo nyumba zake n'zakale.

Eni nyumbawo anali Atswana. Kunonso munthu amamutchula ndi dzina la mwana wake monga kwathu, ndiye anali Rra Kagiso ndi Mma Kagiso, koma ife tinkangoti abwana ndi adona. Kagisoyo anali mwana wawo yekhayo, mnyamata wa msinkhu wanga, wowonda, wodwala chifuwa cha mphumu. Ife tinkagona kuseri, m'kachipinda ka antchito. Ndipo adona anali atanena mosabisa, bambo n'kutimasulira, kuti kachipindako n'ka munthu mmodzi, mkazi ndi mwana acheze mwezi umodzi, ukatha abwerere. Mayi anangoti chabwino, koma ine ndinkawadziwa. Anali atalima okha zaka zonsezo, kudwazika ana okha, mpaka kuika mng'ono wanga m'manda bambo kulibe. Zobwerera sankazifuna. Mumtima mwawo ankati adona akangoona manja awo pa ntchito, asintha maganizo.

Tsiku lokapereka moni m'nyumba yaikulu bambo anatiphunzitsa kunena kuti dumela mma, ndipo ndinawaloweza mawuwo kuchokera kuseri mpaka pakhomo. Titangolowa pabalaza, onse anandithawa m'mutu. Pakhoma panali chibokosi chagalasi, chachitali ngati mwana atagona, chodzaza madzi, nyali ikuyaka pamwamba pake masana dzuwa lili phwee. M'katimo munkayenda nsomba. Koma abale, nsomba zake! Zofiira ngati moto, zina zamawanga oyera, zonenepa mimba, zazikulu ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Ina inali ndi mchira wautali wolendewera ngati nsalu ya mkwatibwi. Pansi panali timiyala toyalidwa bwino, tiudzu tikugwedezeka, ndi kapaipi kotulutsa thovu kosalekeza. M'dziko limene kuyambira pa siteshoni sitinaone mtsinje wa madzi ngakhale umodzi, nsomba zinkakhala pabalaza, pafupi ndi wailesi.

Mayi anagwada, anapereka moni wawo, kenako anakoka buluku la bambo n'kunong'ona.

"Abambo a Enelesi, ndiwo zimenezi akusungira Khirisimasi?"

"Khalani chete, Nabanda. Sadya zimenezi."

"Nanga amatani nazo?"

"Amaziyang'ana."

"Akatha kuziyang'ana?"

"Amakagona."

Tinadabwa sabata yonse. Tinamva kuti nsombazo n'za Kagiso, anamugulira chifukwa galu kapena mphaka ubweya wake ukanamutseka pachifuwa. Tinamva kuti chakudya chake amachita kugula m'sitolo, tizinthu touma ngati gaga m'kachitini. Tinamvanso kuti iliyonse ili ndi dzina, ndipo ya mchira ija ndi Kgosi, ndiye kuti mfumu. Mnyamatayo akabwera kusukulu sankapita kompira. Ankakoka kampando n'kukhala pagalasipo, kumayankhula nazo m'Chitswana, izo zikumutsatira chala.

Koma chimene chinawasowetsa mtendere mayi sichinali nsomba ayi, zinali ndowa. Pakona ya balazalo, kuseri kwa mpando waukulu, pankakhala ndowa ziwiri zodzaza madzi, zofunditsidwa kansalu kopyapyala. Lero zili pomwepo, mawa zili pomwepo, mkuja zili pomwepo. Tsono inu anzanga amene munaleredwa kumudzi mukudziwa. Ntchito yoyamba ya mwana wamkazi m'mawa inali kukhuthula mtsuko, kuutsuka, n'kukatunga madzi ena. Madzi ogona anali a nkhuku ndi otsukira miphika. Mlendo ukamupatsa madzi ogona, nkhani yake inkafika kwa azakhali ako dzuwa lisanalowe. Mayi anga ndiye anali katswiri pa zimenezo, kumudzi atsikana ankawatumiza kwa iwo kuti akaone mmene mtsuko umasamalidwira. Anawafunsa bambo za ndowazo, ndipo bambo, poti anali munthu wosakonda kufotokozera mkazi za kuntchito, anangoti, "Zisiyeni, ndi za nsomba." Basi, osaonjezerapo kanthu.

Mayi anamva zawozawo. Anaona kuti amuna awo, chifukwa chokhala nthawi yaitali opanda mkazi, afika pomwetsa ziweto za abwana madzi ogona. Atayang'anitsitsanso galasi lija anaona ndere zobiriwira kumbuyo kwake, ndi litsiro lofiirira pakati pa timiyala. Anangopukusa mutu. Madzulo ake anandiuza kuti, "Mwamuna ndi mwamuna basi. Angaphike bwanji zachizungu, ukhondo sauona."

Mwezi wathu uli pafupi kutha, sukulu zinatsekera, ndipo abwana ndi banja lawo anapita ku moraka, kumene Atswana amasungira ng'ombe zawo kutali ndi tauni. Anati abwera Lamulungu. Loweruka m'mawa bambo anavala jekete kupita ku maliro a Mmalawi mnzawo, mmisiri womanga nyumba, n'kuwasiyira mayi kiyi kuti atsegule mazenera mphepo ilowe. Atangotseka geti, mayi anamanga chitenje m'chiuno molimba. Ndinadziwa kuti tsiku lija lafika.

Tinayamba ndi ndowa. Chaka chimenecho kunali chilala, madzi osati otaya chisawawa, ndiye ogonawo tinakolopera nyumba yonse, otsala tinathirira mtengo wa mandimu. Kenako mayi anatunga madzi a m'galasimo n'kuthira m'beseni, ine n'kugwira nsomba. Imeneyo inali ntchito yanga yeniyeni, poti kwathu ku mtsinje wa Linthipe ndinkakokolola matemba ndi chitenje kuposa anyamata. Koma izi sizinkathawa n'komwe. Zinkabwera zokha kudzandinyambita zala. Kgosi ndinamunyamula ndi manja awiri, wolemera, woterera, mtima wake ndikuumva pachikhatho. Pomalizira penipeni, pansi pa mwala, ndinavumbulutsa kanthu kena kakuda, konyansa, kandevu ngati mlamba, kukamwa kwake koyamwa galasi. Mayi analumpha. Anati kameneka kalowamo mwangozi, mwina ndi kamene kakubweretsa litsiro, tikasiye m'besenimo bambo akabwera adzaone chochita nako.

Ndiye tinatsuka. Abale, tinatsuka! Galasi tinalikwecha ndi sopo ndi chinkhupule mpaka likulira kwii. Timiyala tinatithira m'lichero, sopo wa ufa pamwamba, kusukuluza, kuyanika padzuwa. Kabokosi kena kanali pakona, kokhala ndi thonje lakuda bii lonunkha matope, mayi anakatsegula atatseka mphuno, thonjelo analichapa mpaka linayera ngati la m'munda. Titabwezera zonse m'malo mwake, tinatunga madzi kumpopi wa kukhitchini, atsopano, ozizira oti mano kugwedera, akutuluka ndi kafungo kaja ka m'chipatala. Mayi ananunkhiza n'kunena kuti limenelo ndiye fungo la ukhondo. Galasi linadzaza, madzi ali mbee, moti ukanatha kuwerenga timiyala timodzitimodzi. Tinabwezeramo nsomba. Mayi anabwerera m'mbuyo, manja m'chiuno, nkhope ikuwala. Chifikireni m'dziko lino ndinali ndisanawaone akumwetulira choncho.

Nsomba zinayamba kuthamanga. Uku ndi uku, kugunda galasi, kudzikhula pamiyala, ngati mbuzi zolumidwa ndi njuchi.

"Taona," anatero mayi, "zikusangalala. Zinali zitaiwala madzi abwino."

Tinapita kuseri kukaphika. Ine mtima sunakhazikike, ndinabwerera ndekha kukasuzumira. Ndinapeza zonse zili pamwamba, milomo kunja kwa madzi, yasa, yasa, ngati munthu wothamangitsidwa. M'mbali mwa mitu, mopumira muja, munali mutafiira ngati mwakandidwa. Ina yamawanga inayamba kuyenda chammbali, n'kutembenuka, mimba yoyera m'mwamba. Ndinakuwa. Mayi anabwera chothamanga, chipande chili m'manja.

Zimene ndinaona pamenepo sindidzaziiwala. Kwathu nsomba imafa ukaichotsa m'madzi. Izi zinkafera m'madzi, madzi oyera oti munthu n'kumwa n'kuthokoza. Mayi anati mwina achepa, tinathamangira kumpopi n'kuonjezera ena atsopano. Zinangoipiraipira. Anapisa dzanja kumaitembenuza imodziimodzi kuti iime bwino, akaisiya n'kugadabukanso. Anaitana Yesu, anaitana amayi awo omwe anamwalira kalekale, anayesa ngakhale kuwaza chakudya chija. Dzuwa likupendeka, zonse zinali zikuyandama. Kgosi ndiye anamalizira. Anamira pang'onopang'ono, mchira uja ukumutsatira pambuyo, n'kukagona pa timiyala toyera tija.

Mayi anakhala pansi tambalale, pakati pa balaza la eni, pamalo poti sakanayerekeza kukhalapo. Sanalire. Anangoti maso tong'o pagalasipo, kapaipi kaja kakutulutsabe thovu ngati palibe chachitika. Patapita nthawi anadzuka, anamanganso chitenje, n'kunena mawu amodzi okha: "Zisaonongeke. N'za eni."

Anazivuula, tinapita nazo kuseri. Anapala mamba, ofiira aja akumamatira ku mpeni ngati tindalama tonyezimira, anazitumbula, anazithira mchere wawo womwe anachoka nawo kumudzi, n'kuziwamba pambaula ndi moto wa pang'onopang'ono, monga amachitira munthu wodziwa. Kufiira konse kuja kunatha, zinasanduka zoderako ngati nsomba ina iliyonse ya pamsika.

Bambo anabwera chakumadzulo. Fungo linawalandira pageti pomwe, ndipo ndinawamva akuseka asanatulukire n'komwe.

"Nabanda! Lero kuli phwando? Nsomba yaiwisi mwaipeza kuti m'chipululu muno?"

Anafika pambaula akutikita manja. Anawerama. Anaona mchira uja, utapsa m'mphepete koma utali wake uli womwewo. Ndinaona munthu wamkulu akusanduka wotuwa ngati phulusa. Anavula chipewa, anachivalanso, anathamangira m'nyumba yaikulu, ndipo pobwera ankayenda ngati wadwala mwezi wathunthu. Anakhala pa njerwa.

"Ndowa zija zili kuti?"

"Madzi ogona aja? Ndakolopera."

"Mayo ine, mkazi uyu wandipha."

Ndi pamene bambo anafotokoza, tsiku loti kufotokozako kulibenso ntchito. Anati madzi a kumpopi si a pachitsime. A boma amathiramo mankhwala opha tizilombo kuti anthu asatsegule m'mimba, ndiwo kafungo kaja. Mankhwalawo nsomba amaiwotcha mopumira. Ndiye madziwo umayenera kuwatunga n'kuwasiya m'ndowa yosatseka, agone, agonenso, mpaka fungo lonse lituluke, komanso kuzizira kwa m'mipope kuthe, afanane ndi a m'galasi. Kugonako ndiye kukonza kwake.

"Nanga ife timamwa bwanji osafa?" anafunsa mayi.

"Inu mumapumira m'madzi?"

Mayi anafunsanso kuti, "Bwanji simunanene?"

"Ndinati zisiyeni."

"Munati zisiyeni. Simunati zipha."

Atamva za sopo, ndi za thonje lija, bambo anagwira mutu ndi manja awiri. Anati litsiro la m'thonjelo ndi lomwe limasunga madzi kuti akhale amoyo, silichapidwa ndi sopo ngakhale pang'ono. Ndipo pamene ankalowa m'khitchini anapunthwa pa beseni lija. M'katimo, m'madzi akale obiriwira amene mayi ankawanyansidwa, kakuda konyansa kaja kanali moyo, kakuyamwa m'mbali mwa beseni mosatekeseka. Tonse atatu tinaima mozungulira kumakayang'ana.

Bambo anayamba kufunafuna pothawira. Kugula zina sikukanatheka, nsomba zoterozo nthawi imeneyo ankachita kukazitenga kutsidya kwa malire. Ndiye anati tizikwirire, tidzanene kuti magetsi anazima, makina a thovu n'kuima. Mayi anakana. Anati kwawo mbuzi ya munthu ikafera m'khola mwako suitaya kutchire, umaisenda, nyama n'kuiwamba, n'kunyamula pamodzi ndi chikopa kupita nazo kwa mwini, aone ndi maso ake. Bambo anati kuno si kwathu kwa Kachere, kuno n'ku Gaborone, mutichotsetsa ntchito tonse. Mayi anati ngati n'kubwerera abwerera, koma osati ngati wakuba.

Lamulungu masana galimoto inalowa ili mbuu ndi fumbi. Abwana anatsika nkhope ili gwaa, adona nawonso osaseka, zikuoneka kuti kumene akuchokerako sikunali bwino. Kagiso sanadikire, anathamangira m'nyumba. Tinamva phazi lake likuima. Kenako zii. Anatuluka pang'onopang'ono akuyang'ana bambo.

Pamenepo mayi anatulukira kuseri, atavala chitenje chawo cha kutchalitchi, atanyamula mbale yovundikira ndi inzake monga timaperekera ndiwo kwa alendo olemekezeka. Ine ndinali pambuyo pawo. Anagwada pakhonde, anawerama, n'kupereka mbaleyo kwa adona ndi manja awiri. Adona anayang'ana bambo. Bambo anayang'ana nsapato zawo. Adona anavundukula.

"Ijoo!"

Mbale yapamwamba inagwa n'kugubuduka mpaka pamasitepe. Adona anagwira pakamwa, anathamangira kuseri kwa maluwa, ndipo tinawamva akusanza. Ife sitinkadziwa kuti Atswana ambiri a nthawi imeneyo nsomba sankaiika m'kamwa n'komwe, ankaiona ngati m'bale wake wa njoka. Kwa iwo zinali ngati munthu wakuwambira mphaka wako n'kukupatsa pambale. Kagiso anayandikira, anaona mchira uja, ndipo chifuwa chake chinatseka pomwepo. Anayamba kulira ngati mluzu, mapewa akukwera, maso atatuluka. Ndinaona ndi maso anga mwana wa munthu akuyasamira mpweya chimodzimodzi nsomba zake dzulo lake. Abwana anamunyamula, adona anabwera chothamanga ndi kabotolo kake kopopera m'kamwa, ndipo kwa nthawi imene kwa ine inali ngati chaka, pakhondepo pankangomveka mluzu umenewo. Mayi anali chigwadire, mbale ili patsogolo pawo.

Mwanayo atayamba kupuma bwino, adona anatembenukira kwa mayi. Anayankhula mokweza, chala chikuloza kugeti. Bambo sanamasulire. Panalibe chifukwa, mawu oti siteshoni ndi amodzi m'zinenero zonse.

Abwana anali munthu wosayankhulayankhula. Atamugoneka mwana anatulukanso, anaima pambale paja nthawi yaitali, kenako anatola nsomba imodzi ndi nsonga za zala, kuitembenuza, kuona mmene anaitumbulira ndi mchere wake. Anawafunsa bambo kuti mkaziyu wabweretseranji zimenezi. Bambo anafotokoza zonse, za madzi ogona, za sopo, za mbuzi ndi chikopa chake, ngakhale zoti iwo ankafuna kunamizira magetsi. Abwana anafunsanso kachiwiri za chikopazo. Ndiye anapumira m'mwamba n'kunena zimene bambo anadzatimasulira pambuyo pake. Anati ku moraka apeza ng'ombe zawo zambiri kulibe, woweta akuti zinafa ndi chilala, koma atamufunsa zikopa, palibe, nyanga palibe, ngakhale khutu limodzi lokhala ndi chizindikiro chawo palibe. Pakuti nawonso mwambo wawo ndi womwewo. Anaika nsomba ija m'mbale, anapukuta zala pa buluku, n'kulowa m'nyumba.

Tinawamva akukangana ndi adona mpaka kunja kutada. Ife tinamanga katundu wathu. Mayi sanadye.

M'mawa mwake adona anabwera kuseri okha, maso otupa, osakhala pansi. Anati mkaziyo akhale. Azichapa zovala pampopi wa panja ndi kusita m'kachipinda komweko. Koma phazi lake lisadzapondenso m'nyumba yaikulu, ngakhale kukhitchini. Mayi atamva kumasulira kwake anawomba m'manja mwaulemu n'kunena mawu othokoza a Chitswana amene anali atawasunga mwezi wonse kudikira tsiku labwino: "Ke a leboga, mma." Adona anatembenuka n'kumapita.

Ine ndinkayesa zodabwitsa zatha, koma ayi. Masana ake Kagiso anati akufuna maliro. Anabweretsa bokosi la nsapato, anayalamo kansalu, n'kundandalika nsomba zowamba zija, Kgosi pakati. Bambo anauzidwa kuti akumbe pansi pa mtengo wa mandimu, nthaka ili gwa ngati simenti, mpaka anachita kubwereka piki kwa oyandikana nawo. Tonse tinaitanidwa. Abwana anavula chipewa. Kagiso anayimba nyimbo ya kutchalitchi ndi kamawu kake kosasa, misozi ili chuchuchu, akutchula mayina imodziimodzi. Mayi, poti maliro ndi maliro, anafunda nsalu kumutu n'kugwada chapatali. Ine ndinali pambali pawo. Dothi litayamba kugwera pabokosi, ndinawaona akupukusa mutu, milomo ikuyenda, ndipo ndinasendera kuti ndimve pemphero lawo.

"Mchere wanga wonse uja," ankatero. "Mchere wanga wonse uja."

Galasi lija linakhala lopanda nsomba nthawi yaitali. Bambo analisukuluza kambirimbiri kuti sopo achoke, anathiramo madzi ogona bwino, n'kulowetsamo kakuda kaja kokha kuti kayambe kukhalamo. Anati nyumba yotsukidwa chotero iyenera kuyamba yakhwima, apo ayi zatsopano zifanso. Ine lamulo lija silinandikhudze, ndipo poti sukulu sindinkapita, ntchito ya ndowa inagwera ine. Kagiso anakhala milungu osandiyang'ana. Tsiku lina anangondigwira dzanja n'kuliviika m'ndowa, kenako m'galasi, kuti ndimve ngati kuzizira kwake kukufanana. Chitswana changa ndinachiphunzirira pamenepo. Ndinaphunzira kununkhiza ndowa ndisanathire. Ndinaphunzira kuti madzi akale suchotsa onse, umangopungula pang'ono n'kubwezeramo ogona, mwapang'onopang'ono, motsetsereka m'mbali mwa galasi. Thonje ndi timiyala umazisukuluza m'madzi omwe wapungulawo. Ndowa ya nsomba ndi ya nsomba, siilawa sopo moyo wake wonse. Ndipo nsomba zatsopano zitabwera m'kathumba ka pulasitiki, tinayandamitsa kathumbako pamwamba kaye, osamasula, kuti zizolowere.

Mayi ankandiona ndikudutsa ndi ndowa zanga iwo ali pampopi wa panja, thovu mpaka m'zigongono. Sanazolowere. Mpaka ukalamba wawo ankati kunja kuno kuli zinthu, nyama yofuna madzi oti munthu sungapatse mlendo. Koma anakhala. Anachapa pampopi umenewo zaka zambiri, azing'ono anga ena anabadwira m'kachipinda komwe kaja, ndipo bambo sanadyenso okha. Patapita zaka adona anafewa, ankabwera kuseri kudzakhala pa njerwa kumacheza ndi mayi m'chinenero chawochawo chosakaniza. Tsiku la ukwati wa Kagiso adona anawagwira mayi dzanja kuti alowe adzaone mkwatibwi. Mayi anafika pakhomo, anaima, anasuzumira, anayamikira, n'kubwerera kukathandiza ophika panja.

Lero ndimakhala ku Gaborone North kwa mwana wanga wamkazi, namwino. Kuno kunali tchire lokhalokha nthawi imene ndikunenayi. Mdzukulu wanga Chisomo naye ali ndi galasi la nsomba kuchipinda kwake. Nditaona akutunga kumpopi n'kulunjika nawo kugalasi ndinakuwa mpaka mayi ake anatuluka m'bafa ndi sopo kumaso. Mwanayo anandiseka. Anandionetsa kabotolo, amangodontheza timadontho m'ndowa, kutakasa, basi mankhwala a boma aja atha mphamvu nthawi yomweyo. Akutinso malo ena masiku ano amathira mankhwala amtundu wina oti ngakhale madzi agone sabata sachoka, ndiye kabotoloko n'kofunika. Ndinamvera, poti za m'mabotolo iye ndiye amawerenga. Chokhacho ndinaumirira n'choti aziviika dzanja kaye, ndipo sopo asayandikire.

Mwezi wathawu nsomba imodzi inafa, ya ukalamba chabe. Ndinayamba kuganiza zofuna kabokosi. Ndisanadzuke n'komwe pampando, Chisomo anaivuula ndi kaukonde, anapita nayo kuchimbudzi, anaiponyamo, n'kutsegula madzi. Ndinaima pakhomopo kukamwa kuli yasa mpaka madzi atasiya kulira. Osaidya, osaiika m'manda. Ndinamufunsa kuti nanga mayi ako amene anaigula, akabwera kuntchito uwaonetsa chiyani?

Anandiyang'ana ngati ndafunsa zachilendo, n'kutulutsa foni m'thumba.

"Ndaijambula kale, Gogo."